Kodi mtengo wa sheya umakumbukira za dzulo? Mmene amayezera autocorrelation pa makampani ambiri nthawi imodzi

Chilowereni Airtel Malawi ndi FDH Bank pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu 2020, nkhani ya masheya siilinso ya anthu a ku Blantyre okha. Kuno ku Mangochi aphunzitsi, anamwino ndi eni mashopu a pa boma amakambirana za mitengo ya NICO, TNM ngakhalenso Sunbird, eni ake a hotela ya Nkopola. Pa zokambiranazo pamatuluka maganizo awiri. Ena amati sheya ikayamba kukwera imapitiriza, ndiye wochenjera agule ikangodzuka. Ena amati zimene mtengo unachita dzulo sizingakuuzeni kanthu za mawa.

Mkangano umenewu uli ndi njira yake youyezera, ndipo ophunzira zachuma amakumana nayo polemba kafukufuku wa chaka chomaliza. Amatenga mitengo ya makampani onse a pa msika, kuilowetsa mu mapulogalamu a pa kompyuta monga R, Stata, EViews kapena Python, n'kufufuza chimene chimatchedwa autocorrelation, kutanthauza mmene za lero zimagwirizanirana ndi za masiku apitawa. Kuyeza kampani imodzi kumafuna mzere umodzi wa malamulo pa kompyuta, ndipo kuyeza makampani 16 kapena 100 kumafuna mizere itatu kapena inayi. Povuta ndi powerenga zotsatira, chifukwa pa msika wonga wathu muyeso ukhoza kunena kuti wapeza kanthu pa zifukwa zosakhudzana konse ndi kulosera mtengo.

Choyezedwa ndi kusintha kwa mtengo

Tiyerekeze kuti wina waimika ndodo yoyezera madzi mu Shire pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo amalemba m'kope m'mawa uliwonse. Pomwe madzi afika lero pamakhala pafupi kwambiri ndi pomwe anafika dzulo. Zimenezo aliyense akudziwa, sizifunika masamu. Funso lenileni ndi lakuti, ngati madzi anakwera dzulo, kodi akweranso lero? Pa nyanja yankho limakhala inde nthawi zambiri, chifukwa m'nyengo ya mvula kukwera kumatsatana ndi kukwera kwa miyezi ingapo, ndipo m'chilimwe kutsika kumatsatana ndi kutsika. Pa masheya, mtengo uli ngati pomwe madzi afika, ndipo chimene timayeza ndi kukwera kapena kutsika kwa tsiku ndi tsiku, kumene a ntchitoyi amati return.

Amene alowetsa mitengo yeniyeniyo mu muyeso amapeza autocorrelation ya 0.98 kapena 0.99 pa kampani iliyonse, n'kumaganiza kuti watulukira chinsinsi cha msika. Palibe chimene wapeza. Wangotsimikiza kuti K100 ya dzulo ili pafupi ndi K101 ya lero.

Return amaiwerengera m'njira ziwiri. Yachidule ndi kutenga mtengo wa lero, kuchotsapo wa dzulo, n'kugawa ndi wa dzulo. Imene ofufuza amakonda ndi kutenga log ya mtengo wa lero n'kuchotsapo log ya mtengo wa dzulo. Sheya ikachoka pa K100 kufika pa K110 n'kubwereranso pa K100, njira yoyamba imapereka 10 peresenti pokwera ndi 9.09 peresenti potsika, pomwe yachiwiri imapereka 0.0953 mbali zonse ziwiri. Ubwino wina wa log ndi wakuti ma return a masiku asanu mukawaphatikiza mumapeza return ya sabata yonse.

Mitengo iyenera kukonzedwa kaye isanafike pamenepa. Tsiku limene sheya yayamba kugulitsidwa popanda dividendi yomwe inalengezedwa, mtengo umatha kutsika ndi ndalama zofanana ndi dividendiyo, ngakhale mwini wake sanataye kanthu. Kampani ikagawa sheya imodzi kukhala ziwiri, mtengo umagwa ndi theka tsiku limodzi. Tsiku limodzi lotere likasiyidwa mu mndandanda limasokoneza masamu a chaka chonse.

Autocorrelation ndi mbiri yake

Autocorrelation ndi nambala yapakati pa -1 ndi 1 yosonyeza mmene mndandanda umagwirizanirana ndi m'mbuyo mwake. Mumaika return ya lero pambali pa ya dzulo, masiku onse, n'kuona ngati zimayendera limodzi. Imeneyo ndi lag 1. Mukaika ya lero pambali pa ya dzana, ndiye lag 2, mpaka m'mbuyo momwe mungafune. Nambala ikakhala pamwamba pa ziro, kukwera kumakonda kutsatana ndi kukwera. Ikakhala pansi pa ziro, kukwera kumatsatana ndi kutsika. Ikakhala pafupi ndi ziro, za dzulo sizikuthandiza kulosera za lero mwa njira imeneyi.

Louis Bachelier, mu kafukufuku amene analemba ku Paris mu 1900, anafotokoza mitengo ya pa msika ngati chinthu choyenda mosaloseka. Mu 1953 Maurice Kendall anayeza mindandanda 22 ya mitengo ya masheya ndi katundu, ndipo anapeza kuti kusintha kwa sabata ino kumagwirizana pang'ono kwambiri ndi kwa sabata yatha. Eugene Fama anachita chimodzimodzi mu 1965 ndi makampani 30 a mu Dow Jones, kenaka mu 1970 analongosola ganizo lakuti pa msika woyenda bwino mtengo umakhala utameza kale zonse zimene mitengo yakale ikananena. Mu 1988 Andrew Lo ndi Craig MacKinlay anatsutsa mbali ya zimenezi. Poyang'ana ma return a sabata ndi sabata a ku America kuyambira 1962 mpaka 1985, anapeza kuti gulu la masheya, makamaka a makampani ang'onoang'ono, linali ndi autocorrelation yooneka ndithu. Mkanganowu sunathe, ndipo mu 2013 mphoto ya Nobel ya zachuma inagawidwa kwa Fama, Lars Peter Hansen ndi Robert Shiller, ngakhale Shiller pa nkhani ya misika amaona zosiyana ndi Fama.

Ngakhale mndandanda utakhala wopanda chikumbukiro chilichonse, nambala imene mungawerengere sidzakhala ziro yeniyeni. Malire amene mapulogalamu amajambula ndi timizere tiwiri pa chithunzi amachokera pa 1.96 kugawa ndi square root ya chiwerengero cha masiku. Ndi masiku 250, omwe ndi pafupifupi chaka chimodzi cha malonda, malirewo ndi 0.124. Ndi masiku 1,000 amatsika kufika pa 0.062. Choncho autocorrelation ya 0.08 imaoneka yopanda kanthu pa chaka chimodzi koma imadutsa malire pa zaka zinayi, ngakhale kukula kwake sikunasinthe.

Miyeso imene ilipo

Wodziwika kwambiri m'makalasi ndi wa James Durbin ndi Geoffrey Watson, wa 1950 ndi 1951. Umatulutsa nambala yapakati pa 0 ndi 4, ndipo 2 ndiye kuti palibe kanthu. Unapangidwira zotsalira za regression (regression ndi masamu ofotokozera nambala ina pogwiritsa ntchito zinzake, ndipo zotsalira ndi zimene masamuwo sanathe kufotokoza), umayang'ana lag 1 yokha, ndipo umasocheretsa ngati return ya dzulo ili m'gulu la zinthu zofotokozera ya lero. Pa zotsalira za regression, muyeso wa Breusch ndi Godfrey wa 1978 ndi umene umagwira ma lag angapo popanda vuto limeneli.

Pa ma return enieniwo anthu amagwiritsa ntchito nambala yotchedwa Q. George Box ndi David Pierce anaikhazikitsa mu 1970, ndipo mu 1978 Greta Ljung pamodzi ndi Box anaikonza kuti izigwira bwino masiku akakhala ochepa. Ganizo lake ndi kusonkhanitsa ma lag angapo mu nambala imodzi. Autocorrelation ya lag iliyonse imachulukitsidwa ndi iyo yokha, n'kugawidwa ndi chiwerengero cha masiku kuchotsapo lag imeneyo. Zonsezo zimaphatikizidwa, kenaka kuchulukitsidwa ndi n komanso ndi n+2, pomwe n ndi chiwerengero cha masiku. Zotsatira zimayerekezedwa ndi tebulo la chi-square. Pa mlingo wa 5 peresenti malire ake ndi 3.84 pa lag imodzi, 11.07 pa ma lag asanu, ndi 18.31 pa ma lag khumi.

Apa pali chisankho chimene ambiri amachidumpha. Tinene kuti muli ndi masiku 250, autocorrelation ya lag 1 ndi 0.15, ndipo ma lag ena onse ali pa ziro. Q imatuluka 5.69. Mukayeza lag imodzi, 5.69 yadutsa 3.84, ndiye mukuti mwapeza kanthu. Mukayeza ma lag khumi, 5.69 yomweyo ili kutali ndi 18.31, ndiye mukuti palibe. Ma lag ochuluka amasungunula chizindikiro chimene chili pa lag imodzi, ndipo ochepa amaphonya chimene chili patali. Ena amalangiza kutenga log ya chiwerengero cha masiku, yomwe ndi pafupifupi 7 pa masiku 1,000. Ena amati 10, kapena 5 poganizira sabata ya malonda. Chofunika ndi kusankha musanaone zotsatira, kugwiritsa ntchito chiwerengero chimodzi pa makampani onse, ndi kuchilemba mu lipoti. Ngati mukuyeza zotsalira za ARMA, yomwe ndi njira yolosera mndandanda kuchokera pa mbiri yake, chotsani chiwerengero cha ma coefficient a AR ndi MA pa degrees of freedom, nambala yokuuzani mzere woti muwerenge pa tebulo la chi-square. Mu R zimenezi zimachitika ndi fitdf.

Muyeso wina ndi variance ratio wa Lo ndi MacKinlay. Ngati masiku sakugwirizana, variance (kukula kwa kusinthasintha) ya return ya masiku awiri iyenera kukhala kawiri ya tsiku limodzi. Mukagawa yoyambayo ndi kawiri ka yachiwiriyo muyenera kupeza 1, ndipo pa masiku awiri nambalayo imafanana ndi 1 kuphatikiza autocorrelation ya lag 1.

Kuyendetsa pa makampani onse

Yalani mitengo motere: kolamu yoyamba ndi deti, ndipo kampani iliyonse ili ndi kolamu yake. Mu R ntchito yonse ndi iyi:

mitengo <- read.csv("mitengo.csv")
r <- apply(log(mitengo[, -1]), 2, diff)
p <- apply(r, 2, function(x) Box.test(na.omit(x), lag = 5, type = "Ljung-Box")$p.value)
p.adjust(p, method = "holm")

Lamulo la Box.test mukapanda kuliuza kanthu limayeza lag imodzi yokha, ndiponso ndi njira yakale ya Box ndi Pierce, choncho lag ndi type ziyenera kulembedwa. Mu Stata lamulo ndi wntestq, ndipo lokha limatenga ma lag ofika 40 pa mndandanda wautali. Ophunzira awiri okhala ndi mitengo yofanana, wina pa R wina pa Stata, akhoza kupeza mayankho otsutsana chifukwa cha ichi chokha. Stata imafunanso mndandanda wopanda mipata, ndiye mukaiuza madeti a pa kalendala imaona Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi ngati mipata. Sanjani madeti, pangani nambala ya masiku a malonda ndi gen t = _n, kenaka tsset t, ndipo zungulirani makolamu onse a ma return, amene mayina awo ayamba ndi r_:

foreach v of varlist r_* {
wntestq `v', lags(5)
}

Pambuyo pa kuyeza kulikonse p-value, yomwe ndi mwayi wopeza Q yaikulu chotero pomwe palibe autocorrelation konse, imakhala mu r(p), ndipo postfile imathandiza kuisunga. Mu Python, acorr_ljungbox ya mu statsmodels imachita muyesowo, ndipo multipletests imakonza ma p-value.

Zolakwika zambiri zimachitika muyeso usanayambe. Mtengo wolembedwa ndi koma, monga 1,250.00, umawerengedwa ngati mawu, ndipo log imakana. Madeti osungidwa ngati mawu amasanjika molakwika, 01/02 (1 February) kutsatana ndi 01/03 (1 March), ndipo mndandanda wosokonezeka motere umataya autocorrelation imene unali nayo popanda chenjezo lililonse. Makampani sanalowe pa msika tsiku limodzi. NICO ndiyo inali yoyamba mu 1996, TNM inalowa mu 2008, Airtel Malawi mu 2020. Kuchotsa malo opanda kanthu a kumayambiriro kwa kolamu kulibe vuto, koma kuchotsa a pakati kumalumikiza masiku amene sanatsatane. Lamulo lochotsa mzere wonse wa deti chifukwa kampani imodzi ilibe mtengo ndiye loipitsitsa, limadula mbiri ya makampani onse kuti ifanane ndi ya kampani yatsopano kwambiri. Ndipo sheya imene mtengo wake sunasinthe nyengo yonse imatulutsa NaN m'malo mwa nambala, chifukwa masamu akugawa ndi ziro.

Tebulo lomaliza lisangokhala ndi p-value. Pa kampani iliyonse muonetse chiwerengero cha masiku, peresenti ya masiku amene return inali ziro, autocorrelation ya lag 1 ndi chizindikiro chake, Q, p-value yosakonza ndi yokonza. Q payokha siinena ngati kukwera kumatsatana ndi kukwera kapena ndi kutsika, popeza manambala onse anachulukitsidwa ndi iwo okha.

Vuto lofunsa funso limodzi nthawi 16

Mlingo wa 5 peresenti umatanthauza kuti, pomwe palibe autocorrelation konse, muyeso udzalakwa n'kunena kuti ilipo kamodzi pa maulendo 20. Pa kampani imodzi zimenezo n'zopiririka. Pa makampani 16 osagwirizana, mwayi wakuti imodzi kapena zingapo zioneke ngati zili ndi kanthu mwangozi chabe umafika pa 56 peresenti. Pa makampani 100 muyembekezere asanu otere. Mukayezanso kampani iliyonse pa lag 1, 5, 10 ndi 20, miyeso 16 yasanduka 64.

Njira yakale yothetsera zimenezi ili ndi dzina la Carlo Bonferroni, ndipo Olive Jean Dunn ndi amene anaifalitsa mu 1961. Mumagawa 0.05 ndi chiwerengero cha miyeso. Pa 16 malire amakhala 0.0031. Sture Holm anaikonza mu 1979: sanjani ma p-value kuyambira yochepetsetsa, yoyamba muiyerekeze ndi 0.05 kugawa ndi 16, yachiwiri kugawa ndi 15, yachitatu ndi 14, ndipo muime pa yoyamba imene yalephera. Njira ya Holm imateteza mofanana ndi ya Bonferroni koma siiphonya zambiri ngati iyo, choncho palibe chifukwa chenicheni chosankhira yakaleyo. Zonse ziwiri cholinga chake ndi chakuti musalakwe ngakhale pa kampani imodzi.

Mu 1995 Yoav Benjamini ndi Yosef Hochberg anasintha funso. Iwo anati tivomere kulakwa pang'ono, bola mwa makampani amene tawatchula kuti ali ndi autocorrelation, olakwika asapitirire 5 peresenti tikatengera pakatikati. Pa miyeso 16 malire awo amakwera masitepe: 0.0031, 0.0063, 0.0094, 0.0125, mpaka 0.05. Njirayi imadalira kuti miyeso ikhale yosagwirizana kapena yogwirizana mbali imodzi. Ya Benjamini ndi Daniel Yekutieli ya 2001 imagwira pa mgwirizano wa mtundu uliwonse, koma imakhwimitsa malire. Pa 16 imawagawanso ndi 3.38.

Tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Mwa makampani 16, ma p-value anayi ochepa kwambiri akhale 0.001, 0.005, 0.008 ndi 0.030, ena onse apitirire 0.05. Popanda kukonza mwapeza makampani anayi. Bonferroni ndi Holm akusiyirani imodzi. Benjamini ndi Hochberg akupatsani atatu. Benjamini ndi Yekutieli sakupatsani ngakhale imodzi. Palibe yankho labodza pamenepa, njira iliyonse ikuyankha funso lake. Amene akufuna kunena motsimikiza za kampani inayake asankhe Holm. Amene akungosefa kuti apeze makampani oyenera kuwafufuza mozama angagwiritse ntchito ya Benjamini ndi Hochberg. Mu p.adjust mayina ake ndi holm, BH ndi BY.

Mgwirizano wa makampani si nkhani yapambali pa msika wathu. Mabanki monga National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank ndi FDH Bank amakhudzidwa limodzi Reserve Bank of Malawi ikasintha chiwongola dzanja. Makampani ena ndi eni masheya a anzawo: NICO Holdings ili ndi gawo mu NBS Bank, Press Corporation ili ndi gawo mu National Bank ndi TNM, ndipo ntchito ya NITL ndi kusunga masheya a makampani ena. Mabanki anayi akaonetsa autocorrelation, mwina ndi chinthu chimodzi chaoneka kanayi. Ulipo muyeso woyeza onse pamodzi, wa Hosking wa 1980, umene umaonanso ngati kampani ina imatsogolera inzake. Koma degrees of freedom zake ndi chiwerengero cha makampani kuchulukitsa ndi chomwecho, kuchulukitsanso ndi ma lag. Makampani 16 pa ma lag asanu ndi 1,280, zomwe zapitirira masiku a malonda a zaka zinayi. Umathandiza pa gulu la makampani atatu kapena anayi.

Masiku opanda malonda

Apa ndi pamene msika wa Malawi umasiyana kwambiri ndi misika imene miyesoyi inayesedwapo poyamba. Pa makampani athu alipo amene amatha masiku angapo popanda sheya imodzi kusintha manja, ndipo lipoti la tsiku limangobwereza mtengo womaliza. Zili ngati wolemba wa pa ndodo ija amapita ku mtsinje kamodzi pa sabata, masiku enawo n'kumakopera nambala yakale. M'kope muoneka ziro, ziro, ziro, kenaka kudumpha kwakukulu, pomwe madzi ankayenda tsiku lililonse.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Pa kampani imodzi, ngati malonda amachitika tsiku limodzi pa asanu, masiku 1,000 ali ndi kusintha kwenikweni 200 kokha. Kudumpha kuwiri kwakukulu kukangopezeka moyandikana kumakoka autocorrelation yonse, ndipo tebulo la chi-square silikhalanso lodalirika. Pa index monga MASI (Malawi All Share Index), nambala imodzi yosonyeza mmene mitengo ya msika wonse ikuyendera, vuto ndi lina. Nkhani yabwino ikatuluka Lolemba, makampani ogulidwa kawirikawiri amakwera tsiku lomwelo, ena Lachitatu, ena sabata yamawa. Index imaoneka ikukwera masiku otsatizana, ndipo muyeso umati pali autocorrelation yapamwamba pa ziro. Koma palibe amene akanagula pa mitengo yakale ija, popeza panalibe wogulitsa pa mtengo umenewo. Lawrence Fisher analemba za vutoli mu 1966, ndipo Myron Scholes ndi Joseph Williams mu 1977, komanso Elroy Dimson mu 1979, anapereka njira zolizungulira powerengera beta, muyeso wa mmene sheya imayendera limodzi ndi msika wonse.

Palinso china chokokera mbali inayo. Ngati ogula akufuna kulipira K100 ndipo ogulitsa akufuna K102, malonda amagwera pena apa pena apo. Mtengo wotsekera umayenda 100, 102, 100, 102, kampani isanasinthe kalikonse, ndipo zimenezi zimabala autocorrelation yapansi pa ziro. Richard Roll anafotokoza zimenezi mu 1984.

N'chifukwa chake kolamu ya peresenti ya maziro iyenera kuwerengedwa isanawerengedwe ya p-value. Ngati makampani okhala ndi Q yaikulu ndi omwewo okhala ndi maziro ambiri, chimene mwayeza ndi kusowa kwa malonda. Mankhwala amodzi ndi kugwiritsa ntchito ma return a sabata, monga kuyambira Lachitatu kufika Lachitatu, mmene anachitira Lo ndi MacKinlay. Ena ndi kuwerengera return kuchokera pa tsiku la malonda kufika pa tsiku lina la malonda, n'kuikonza molingana ndi kutalika kwa mpatawo. Onsewa ali ndi mtengo wake. Zaka zisanu zili ndi masabata 260 okha, malire amakhala 0.122, ndipo autocorrelation yeniyeni ya 0.10 imagwidwa pafupifupi kamodzi pa katatu. Choncho p-value yaikulu pa ma return a sabata si umboni wakuti palibe kanthu.

Nyengo za bata ndi nyengo za phokoso

Malire onse amene tatchula amaganiza kuti kukula kwa kusintha kwa mitengo n'kofanana chaka chonse. Pa misika sizikhala choncho. Masiku a kusintha kwakukulu amabwera pamodzi, a bata nawonso pamodzi, ndipo Robert Engle anapereka masamu ake mu 1982 pansi pa dzina la ARCH. Zikatero Q ya Ljung ndi Box imanena kuti yapeza kanthu kawirikawiri kuposa 5 peresenti imene inalonjeza. Kuti mudziwe ngati vutoli lilipo, chulukitsani return iliyonse ndi iyo yokha n'kuyendetsa muyeso womwewo pa mndandanda watsopanowo. Ukatuluka ndi Q yaikulu, musadalire Q wamba. Gwiritsani ntchito variance ratio yokonzedwera vutoli, kapena muyeso wa Escanciano ndi Lobato wa 2009 umene umasankhanso wokha chiwerengero cha ma lag. Mu R zonsezi zili mu phukusi la vrtest, pa mayina a Lo.Mac ndi Auto.Q.

Kusintha kwa nyengo ya chuma kumachitanso chimodzimodzi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ngati return yapakatikati ya kampani inali yotsika kwa zaka zingapo kenaka n'kukwera kwa zaka zina, kuphatikiza nyengo ziwirizo mu mndandanda umodzi kumatulutsa autocorrelation yapamwamba pa ziro pa ma lag ambiri, ngakhale mkati mwa nyengo iliyonse mulibe. Dulani mndandandawo pa deti limene muli ndi chifukwa cholisankhira, muyeze mbali iliyonse payokha, ndipo muwerengere miyeso yowonjezerayo pokonza ma p-value.

Zimene sizinathetsedwe

Tinene kuti kampani yadutsa zosefa zonsezi ndi autocorrelation ya 0.10. Ndiye kuti za dzulo zikufotokoza 1 peresenti yokha ya kusinthasintha kwa lero. Sheya imene dzulo inakwera ndi 2 peresenti kuposa mwa nthawi zonse ikuyembekezeka kukwera ndi 0.2 peresenti lero. Wogula ali ku Mangochi ayenera kulipira komishoni ya broka pogula ndi pogulitsa, kupirira mpata wa pakati pa mtengo wa ogula ndi wa ogulitsa, ndiponso kupeza wina wogulitsa tsiku limenelo. Kodi autocorrelation imene palibe angapindule nayo iwerengedwe ngati umboni wakuti msika sukuyenda bwino? Otsatira ganizo la Fama amati ayi. Ena amati mtengo wochedwa kumeza nkhani ndi vuto ndithu, kaya wina apindule nawo kaya ayi.

Funso lina ndi la kulekanitsa zoyambitsa. Kuchedwa kwa mtengo chifukwa chosowa malonda ndi kuchedwa chifukwa anthu akumva nkhani mochedwa kumasiya chizindikiro chofanana pa mitengo yotsekera. Kuti musiyanitse mumafunika chiwerengero cha masheya ogulitsidwa tsiku lililonse ndi mitengo imene ogula ndi ogulitsa ankafuna, ndipo ngakhale zilipo, akatswiri sagwirizana kuti kusowa kwa malonda kumafotokoza gawo lalikulu bwanji la autocorrelation ya index. Lo ndi MacKinlay anaona kuti pa msika wa ku America sikunafotokoze yonse. Pa msika wa makampani ochepera 20, pomwe mabungwe a penshoni amagula n'kusunga kwa zaka, yankho likhoza kukhala lina.

Palibenso mgwirizano pa zimene ziyenera kuwerengedwa ngati gulu limodzi la miyeso. Kodi ndi makampani 16 okha, kapena pamodzi ndi ma lag onse, nyengo zonse, ma return a tsiku ndi a sabata amene wofufuza anayesa asanasankhe zoti alembe? Ndipo Q ikasowa kanthu, imangonena za mgwirizano woyenda mzere woongoka. Siikhudza funso lakuti chiwongola dzanja, mtengo wa kwacha kapena phindu limene kampani yalengeza zingalosere return ya mwezi wamawa, lomwe limafuna regression ndi miyeso ina.